Mfuti Yaitali Kapena Pistol: Zimene Alimi ndi Amalonda a ku Machinga ndi Balaka Ayenera Kudziwa Asanapemphe Chilolezo

Unduna wa Zachitetezo cha M'dziko ukudziwitsa anthu onse, makamaka alimi ndi amalonda a m'maboma a Machinga ndi Balaka, za malamulo ndi udindo umene umagwera munthu aliyense wofuna kukhala ndi mfuti. Nyengo ya zokolola ikamayandikira, mafunso okhudza mfuti amachuluka. Mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Shire, amene mvuu zamudyera chimanga usiku umodzi, amafuna kudziwa ngati angaloledwe kugula mfuti yaitali. Wogula thonje ndi nandolo, amene amayenda ndi ndalama pakati pa Balaka, Ulongwe ndi Liwonde, amafunsa za pistol yoti azimangirira m'chiuno. Enanso ali ndi mfuti imene anasiya malemu bambo awo ndipo sakudziwa chochita nayo.

Madandaulo amenewa ndi omveka, pakuti amakhudza chakudya cha banja, mpamba wa malonda ndi moyo wa munthu. Komabe funso lakuti mfuti yabwino kugula ndi iti liyenera kubwera pamapeto. Munthu ayambe wadzifunsa kuti vuto lake lenileni ndi lotani, ngati mfuti ingalithetsedi, ngati lamulo likumulola, ndiponso ngati angathe kuisunga bwino tsiku lililonse kwa zaka zonse zimene idzakhale m'nyumba mwake. Nkhani ino ikufotokoza zinthu zimenezi.

Zimene lamulo likunena

Umwini wa mfuti m'Malawi umayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la chaka cha 1967, limene lili pa mutu 14:08 wa Malamulo a Malawi. Tsinde la lamuloli ndi lakuti munthu wamba sangagule, kulandira, kusunga kapena kunyamula mfuti ngakhalenso zipolopolo popanda chilolezo cha boma. Mfuti si katundu wonga njinga kapena wailesi amene munthu amagula pamsika ndi kubwereketsa kwa mnansi. Chilolezo chimaperekedwa kwa munthu wodziwika dzina, pa mfuti yodziwika mtundu ndi nambala yake.

Kalembera wa mfuti ali m'manja mwa apolisi, kudzera mu ofesi ya Registrar of Firearms. Wofuna mfuti amayambira ku polisi ya m'boma limene amakhala. Maboma a Machinga ndi Balaka ali m'chigawo cha apolisi chakum'mawa, chimene likulu lake lili ku Zomba, pomwe likulu la apolisi onse lili ku Area 30 mumzinda wa Lilongwe. Pempho lisanavomerezedwe, apolisi amafufuza mbiri ya wopemphayo: ngati anapezekapo wolakwa pa mlandu, ngati amadziwika ndi ndewu, uchidakwa kapena nkhanza, ngati maganizo ake ali okhazikika, chifukwa chimene akufunira mfutiyo, komanso malo amene adzaisunge. Kupempha si kulandira. Pempho likhoza kukanidwa.

Ndondomeko yake ndi yakuti chilolezo chimatsogola ndipo kugula kumatsatira. Amene wagula mfuti kaye, poganiza kuti mapepala adzawakonza pambuyo pake, walakwira kale lamulo. Mfuti imagulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka ndi boma, kapena kwa mwini wake amene ali ndi laisensi, kusinthana kwa umwini kukudutsa ku polisi. Laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo ikatha mphamvu mwini mfuti amakhala ngati alibe chilolezo. Malipiro onse aperekedwe ku ofesi yoyenera ndipo wolipira alandire risiti ya boma. Munthu amene angakuuzeni kuti akupezerani laisensi mwachidule mukamupatsa kangachepe akukulowetsani m'milandu iwiri, wa ziphuphu ndi wa mfuti. Dziwaninso kuti mfuti zankhondo monga AK-47, zimene zimalavula zipolopolo zambiri motsatizana, siziperekedwa kwa anthu wamba pa chifukwa chilichonse.

Chifukwa chake boma limakhwimitsa malamulowa

Anthu a ku Machinga, amene achita malire ndi Mozambique kuyambira ku nyanja ya Chiuta, kudutsa pa Nayuchi mpaka ku nyanja ya Chilwa, akudziwa bwino mbiri ya nkhaniyi. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inayamba mu 1977 ndipo inatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pa nthawiyo dziko lino linalandira anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Nkhondo itatha, mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu, zina zinakwiriridwa m'tchire, ndipo zina zinadutsa malire n'kuyamba kugwiritsidwa ntchito pa umbava ndi kupha nyama zakutchire m'maiko oyandikana nawo. Kuyambira mu 1995 apolisi a ku Mozambique ndi a ku South Africa anagwirizana kufufuza ndi kuwononga zida zokwiriridwazo pa ntchito yotchedwa Operation Rachel. Kuno kwathu, mu Disembala 1993 asilikali analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani.

Pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a maiko a SADC anasainirana mumzinda wa Blantyre pangano loyendetsera mfuti ndi zipolopolo. Panganoli limafuna kuti mfuti zonse za anthu wamba zikhale m'kaundula, zikhale ndi zizindikiro zozidziwira, zizisungidwa mosamala, ndiponso kuti apolisi a maikowa azithandizana kuthana ndi malonda ozembetsa zida. Phunziro la zaka zonsezi ndi lakuti mfuti siola. Imene inapangidwa zaka makumi anayi zapitazo ikhoza kupha lero, ndipo mfuti ikachoka m'manja oyenera, nthawi zambiri imakathera kwa achifwamba.

Mitundu itatu ya mfuti ndi kusiyana kwake

Mfuti zimene anthu wamba amapempha zili m'magulu atatu. Yoyamba ndi mfuti yaitali yotchedwa rifle. M'kati mwa mpope wake muli timizere topotoka timene timazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Imatsamira paphewa, imagwiridwa ndi manja awiri, ndipo n'chifukwa chake imalasa molondola ngakhale patali. Ubwino wakewo ndi umenenso umabweretsa ngozi. Chipolopolo cha rifle yaing'ono ya .22 chikaphonya chikhoza kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo cha rifle yaikulu monga .303 kapena .308 chimapitirira makilomita atatu. Chimabowola chitseko chathabwa, malata ndi mpanda waudzu, ndipo chikagunda mwala kapena pamwamba pa madzi chimanjanja n'kulowera kumene woomberayo sanaganizire.

Yachiwiri ndi shotgun, imene akuluakulu ena amaitcha chifefe. Nayonso ndi yaitali, koma mpope wake ndi wosalala m'kati ndipo imamwaza timachaka tambiri nthawi imodzi. Mphamvu yake yeniyeni imathera pa mtunda wa mamita pafupifupi 40, ndipo timachaka ting'onoting'ono toombera mbalame timagwa pansi tisanapitirire mamita mazana ochepa. Pafupi, shotgun imavulaza koopsa kuposa mmene ambiri amaganizira.

Yachitatu ndi mfuti yam'manja, pistol kapena revolver. Inapangidwa kuti izinyamulika ndi kubisika mosavuta. Chifukwa cha kufupika kwa mpope wake komanso kusowa potsamira, ndi mfuti yovuta kulasa nayo kuposa zonse. Munthu wosaphunzitsidwa akhoza kuphonya chinthu chimene chili pa mamita khumi, makamaka ali ndi mantha ndiponso kuli mdima. Chipolopolo chophonyacho, ngati ndi cha 9mm, chimathabe kuuluka kupitirira kilomita imodzi. Pistol zing'onozing'ono kwambiri zimagwedeza dzanja kuposa zazikulu, motero kuchepa kwake sikutanthauza kuti ndi zosavuta. Kuchepa komweko kumachititsa kuti ibedwe msanga, iiwalike pampando wa galimoto, kapena igwere m'manja mwa mwana.

Mitunda imeneyi iganiziridwe pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka. M'madera ambiri a mabomawa, munthu akaima pamunda wake n'kuyang'ana mtunda wa makilomita atatu mbali iliyonse, mumapezeka midzi, sukulu, mjigo kapena njira imene anthu amadutsa.

Kwa mlimi amene nyama zikumuonongera mbewu

Nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548. Kwa zaka zambiri midzi yoizungulira inkavutika ndi njovu zimene zinkatuluka kukadya mbewu, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi Nthambi ya Boma Yoona za Nyama Zakutchire. Kuchokera nthawiyo anamanga mpanda wamagetsi wa makilomita oposa 100. Mu 2016 ndi 2017 njovu 520 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 njovu zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Mpanda ndi kusamutsa njovu zachepetsa mavuto kuposa mmene mfuti za m'midzi zikanachitira. Ngakhale zili choncho, mvuu ndi ng'ona za mu Shire, komanso anyani ndi nguluwe za m'mapiri, zikadali mutu waukulu kwa alimi ambiri.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti laisensi ya mfuti si chilolezo chosakira nyama. Kusaka kumayendetsedwa ndi lamulo lina, la National Parks and Wildlife Act, ndipo chilolezo chake chimachokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Lamuloli linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu yokhudza nyama zotetezedwa mwapadera, monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chake chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Lamulo limazindikira kuti pali nthawi imene munthu amakumana ndi nyama yolusa alibe pothawira. Koma amene wapha nyama yotetezedwa pa chifukwa chimenechi ayenera kukanena msanga kwa akuluakulu oona za nyama kapena ku polisi, adzafunsidwa kuti asonyeze kuti panalibe njira ina, ndipo nyamayo, minyanga ndi chikopa chake ndi za boma.

Palinso chifukwa china chopewera kuombera nyama zikuluzikulu. Shotgun kapena rifle yaing'ono sigwetsa njovu kapena mvuu, imangoivulaza. Nyama yovulala imalusa, ndipo amene imamupeza m'mawa mwake kawirikawiri ndi mayi wopita kukatunga madzi kapena msodzi amene ali m'bwato. Njovu, mvuu kapena ng'ona ikamavutitsa, dziwitsani mfumu yanu, alonda a nkhalango kapena polisi yapafupi, kuti abwere anthu ophunzitsidwa amene ali ndi zida zoyenera. Alimi ozungulira Liwonde aonanso phindu la kulima tsabola, amene njovu zimadana naye ndipo amagulitsika, ndi kuweta njuchi m'malire a minda. Kulondera minda mosinthana, kukumba ngalande kumbali ya mtsinje ndi kusunga mpanda wamagetsi kuti usadulidwe ndi njira zimene sizifuna chipolopolo. Waya wa mpanda umene wina wadula kuti atchere msampha ndi khomo limene njovu idzalowere m'munda wa mnansi wake.

Tsono mlimi amene ali ndi chifukwa chomveka, ndipo walandira zilolezo zonse ziwiri, asankhe iti? M'madera odzaza anthu, shotgun ndiyo yoyenerera ntchito zambiri za pamunda, chifukwa mphamvu yake imathera pafupi. Ndiyonso imene alenje ovomerezeka a mbalame amagwiritsa ntchito ku nyanja ya Chilwa, malo amene mu 1996 analowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo kusaka kumeneko kuli ndi nyengo ndi malire ake. Rifle imayenera munthu wophunzitsidwa, amene ali ndi malo aakulu ndipo amadziwa pamene chipolopolo chake chikathere. Pistol ilibe ntchito pamunda.

Kwa wamalonda woyenda ndi ndalama

Amalonda a pa Balaka, Phalula, Ulongwe, Liwonde, Nsanama ndi Ntaja amagula thonje, nandolo, mpunga, chimanga ndi nsomba, ndipo nthawi zambiri alimi amafuna ndalama pamanja. N'zomveka kuti munthu wotere aziopa achifwamba. Koma asanaganize za pistol, alingalire mmene umbava umachitikira. Achifwamba ndi amene amasankha nthawi ndi malo, amabwera angapo, ndipo amafika zida zili kale m'manja. Wamalonda amakhala akuyendetsa galimoto, akuwerenga ndalama kapena ali m'tulo. Pa nthawi yochepa choncho, kupisa dzanja m'chiuno kukhoza kusandutsa kuba kukhala imfa. Komanso mbiri ikamveka yakuti uje ali ndi pistol, nyumba yake imakhala ndi zinthu ziwiri zokopa akuba, ndalama ndi mfutiyo.

Lamulo lodziteteza nalonso lili ndi malire. Gawo 16 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza moyo wa munthu aliyense, ngakhale woganiziridwa kuti ndi wakuba. Makhoti amavomereza mphamvu yokhayo imene ikulingana ndi ngozi imene munthu anali nayo pa nthawiyo. Kuombera wakuba amene akuthawa ndi thumba la nandolo, kapena kutulutsa mfuti pa mkangano wa ngongole, wa malire a munda kapena wa pamsewu, kumafikitsa mwini laisensi m'khoti ngati wina aliyense. Kuloza munthu ndi mfuti pofuna kumuopseza ndi mlandu ngakhale isanalire.

Chitetezo chodalirika cha wamalonda ndi kuchepetsa ndalama zimene zili pathupi pake. Pa Balaka ndi pa Liwonde pali mabanki, ndipo Airtel Money ndi TNM Mpamba zafika m'misika yambiri ya kumidzi. Lipirani ogulitsa aakulu kudzera ku banki kapena pa lamya. Tapani ndalama zokwanira tsiku limodzi, yendani kukuwala, sinthasinthani nthawi ndi njira, ndipo musalengeze ulendo wanu pagulu. Amene ali ndi sitolo kapena nyumba yosungiramo mbewu alimbitse zitseko, aike magetsi panja, ndipo ngati angathe alembe alonda a kampani yovomerezeka. Amalonda a pamsika umodzi akagwirizana ndi komiti ya chitetezo cha m'dera ndi apolisi, amatetezeka kuposa mmene aliyense angadzitetezere payekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Amene walingalira zonsezi, napemphabe pistol ndi kuloledwa, adziwe kuti wasankha mfuti yofuna maphunziro ndi kudziletsa kuposa ina iliyonse. Aphunzire kwa mlangizi wodziwa ntchito pamalo ovomerezeka, ainyamule m'chikwama chake chimene chimaphimba kachitsulo kowombera, ndipo asalowe nayo pamalo omwera mowa, pamaliro, pampira kapena pamsonkhano wandale.

Kasungidwe ka mfuti pakhomo

Mfuti imatha nthawi yaitali ili m'nyumba kuposa ili m'manja, choncho ngozi zambiri zimayambira pa kasungidwe. Malo ake ndi bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi kuti lisanyamulidwe. Iikidwemo itachotsedwa zipolopolo, ndipo zipolopolozo zikhomeredwe pena. Kiyi akhale ndi mwini laisensi yekha. Pansi pa pilo, kuseri kwa chitseko, kudenga kapena m'galimoto si malo osungira mfuti. Apa rifle ndi shotgun zimafuna bokosi lalitali, pomwe pistol imakwana m'kabokosi kakang'ono, koma kabokosi kosamangirira wakuba amangokanyamula ndi mfuti yomwe.

Ana amadziwa pamene makolo amabisa zinthu, ndipo mwana wamng'ono ali ndi mphamvu zokwanira kuliza pistol. Auzeni ana kuti akaona mfuti paliponse asaigwire, achokepo ndipo akauze munthu wamkulu. Ganiziraninso za akuluakulu a m'nyumbamo. Pakhomo pamene pali mikangano ya m'banja, uchidakwa, ngongole zosautsa kapena munthu amene wataya mtima, mfuti imasandutsa mkwiyo kapena chisoni cha ola limodzi kukhala maliro. Zikatero ndi nzeru kupempha apolisi kuti akusungireni mpaka zinthu zitakhazikika. Mayi kapena bambo amene akuopsezedwa ndi mfuti m'banja akanene ku polisi. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 lilipo kuti limuteteze. Chimodzimodzinso amene akupita ulendo wautali, monga abale athu ambiri opita kukagwira ntchito ku South Africa, asasiyire mfuti mkazi, mlamu kapena mphwake. Akaisiye ku polisi ndi kulandira kalata yosonyeza kuti yasungidwa.

Kasamalidwe kake

Mdani wamkulu wa mfuti kuno ndi dzimbiri. Chinyezi cha m'nyengo ya dzinja, makamaka m'mbali mwa Shire ndi ku madambo a Chilwa ndi Chiuta, chimadya chitsulo mwakachetechete, ndipo m'miyezi yotentha thukuta limachita chimodzimodzi pa pistol yonyamulidwa pathupi. Musanayambe kupukuta, tsimikizani kuti mfuti ilibe chipolopolo, ndipo zipolopolo zikhale m'chipinda china. Eni pistol akumbukire mfundo iyi, imene yaphetsa anthu ambiri pa dziko lapansi: kuchotsa magazini sikuchotsa chipolopolo chimene chalowa kale mumpope. Chotsani magazini, kokani chitsulo chapamwamba, ndipo yang'anani m'katimo ndi maso anu.

Pukutani mpope mukangomaliza kuombera, ndiponso nthawi ndi nthawi ngakhale mfuti sinagwire ntchito. Pakani mafuta opangidwira mfuti, pang'ono chabe. Mafuta ophikira amauma n'kumata zitsulo, ndipo mafuta ochuluka amakoka fumbi. Musasunge mfuti m'thumba lachikopa kapena m'nsanza kwa miyezi, chifukwa zimasunga chinyezi. Musanaike chipolopolo, onani ngati mpope uli wotseguka. Matope, kansalu koiwalika kapena chisa chadothi cha mavu zikhoza kuphulitsa mpope m'manja mwanu. Gwiritsani ntchito zipolopolo za muyeso umene walembedwa pa mfutiyo basi, ndipo zadzimbiri kapena zotupa muzipereke ku polisi, musazitaye kudzala kapena pamoto.

Mfuti ikawonongeka, ikonzedwe ndi mmisiri wovomerezeka. Wowotcherera zitsulo wa pamsika, ngakhale akhale waluso pa ngolo ndi mafelemu, si wokonza mfuti. Kudula mpope, kufufuta nambala kapena kusintha kapangidwe ka mfuti ndi mlandu. Kusula mfuti kunyumba, monga gogodela, nakonso n'koletsedwa, ndipo mfuti zotere zadula zala ndi kuchititsa khungu eni ake ambiri. Powerengera mtengo wa mfuti, phatikizanipo bokosi, laisensi ya chaka chilichonse, zopukutira, zipolopolo ndi maphunziro. Mlimi ayerekeze ndalama zimenezi ndi mtengo wa feteleza kapena mpanda wa dimba lake.

Malamulo anayi a kagwiridwe

1. Mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale wina atakuuzani kuti ilibe.
2. Musaloze mfuti kwa munthu kapena chinthu chimene simukufuna kuchiwononga, ngakhale mocheza.
3. Chala chisakhudze kachitsulo kowombera kufikira mutatsimikiza kuti mukuombera.
4. Dziwani chimene mukuombera ndi chimene chili kuseri kwake. Musaombere chitsamba chogwedezeka, mthunzi wa usiku, pamwamba pa madzi kapena m'mwamba, pakuti chipolopolo chokwera chimatsikanso.

Mowa ndi chamba sizigwirizana ndi lamulo lililonse mwa anayiwa.

Mfuti yamasiye, yobedwa ndi yotola

Laisensi imatha ndi mwini wake. Mwini mfuti akamwalira, mfutiyo siigawidwa pamodzi ndi mbuzi ndi ziwiya. Mwini mbumba kapena woyang'anira chuma chamasiye adziwitse apolisi msanga kuti aisunge. Wolowa m'malo akaifuna, apemphe chilolezo m'dzina lake monga wina aliyense. Banja likhozanso kuigulitsa kwa munthu wovomerezeka kudzera ku polisi, kapena kuipereka ku boma.

Mfuti kapena zipolopolo zikabedwa kapena kutayika, kanenani ku polisi tsiku lomwelo. Sungani nambala ya mfuti ndi mapepala ake pamalo osiyana ndi mfutiyo. Kuchedwa chifukwa cha manyazi kumapatsa mpata achifwamba, ndipo mfutiyo ikakapezeka pa mlandu, woyamba kufunsidwa ndi amene dzina lake lili m'kaundula.

Amene watola mfuti, zipolopolo kapena chitsulo chooneka ngati bomba polima, pokumba maziko kapena podula mitengo, makamaka m'madera a m'malire, asachigwire ndipo asachinyamule kupita nacho ku polisi. Aike chizindikiro, aletse ana kufikapo, ndipo adziwitse mfumu ndi apolisi. Amene akusunga mfuti yopanda mapepala, kaya anaigula kalekale kaya anaipeza m'nyumba ya makolo, apite ku polisi yekha kapena limodzi ndi mfumu yake kukafotokoza, ndipo apolisi adzamuuza mmene iperekedwere. Mu 2017 bungwe la African Union linasankha mwezi wa Seputembala chaka chilichonse kukhala wolimbikitsa anthu a mu Africa kupereka zida zosaloledwa, koma palibe chifukwa chodikira mweziwo. Kudzipereka wekha kumasiyana kutali ndi kugwidwa nayo.

Mawu otsiriza

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wopempha mfuti akupemphanso bokosi lokhoma, laisensi ya chaka ndi chaka, kudziletsa pa mkwiyo ndi pa mowa, komanso kuyankha mlandu wa chipolopolo chilichonse chotuluka mumpope wake. Kwa mlimi amene ali ndi zilolezo zoyenera, shotgun ndiyo imagwirizana ndi madera athu odzaza anthu, ndipo rifle ndi ya ochepa amene ali ndi malo ndi maphunziro. Kwa wamalonda, pistol imachepetsa mantha koma kawirikawiri sichepetsa ngozi, pomwe kuchotsa ndalama m'thumba kumachepetsa zonse ziwiri. Ambiri akalingalira mofatsa adzapeza kuti vuto lawo lili ndi yankho lina lotsika mtengo.

Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, alangizi a zaulimi, makomiti a misika ndi a chitetezo cha m'madera kuti afalitse uthengawu m'misonkhano yawo. Aliyense amene ali ndi funso apite ku polisi imene ali nayo pafupi, ndipo pa nkhani za nyama zakutchire afunse ku ofesi ya nkhalango ya Liwonde, asanagule, asanalandire ndiponso asanaombere.

Ofesi ya Mneneri
Unduna wa Zachitetezo cha M'dziko